Telala weniweni wa pa mdadada wa Kasamu

Tsiku loyamba kumuona Ajira anali atasenza mutu wa makina osokera, wokulunga m'chiguduli, akutsika nawo pa lole yochokera ku Lungwena. Amuna ake, Che Jaffalie, anali patsogolo, miyendo ya makinawo ili paphewa, kofiya yoyera mbee ngati sanayende pafumbi. Ine ndinali pakhomo pa tiyirumu yanga, ndikutsuka makapu. Ndinati mumtima, kamkazi kowonda chonchi, khosi lithyoka lero. Silinathyoke. Anafika n'kutula yekha, osapempha munthu, kenako n'kundifunsa kumene kuli chitsime. Moni anandipatsa pambuyo pake.

Chinali chaka chotsatira chija tinalandira ufulu. Malo ake ndi mdadada wa Kasamu, pa Boma pa Mangochi, msewu wotsikira ku Shire. Ana a masiku ano amangoidutsa nyumba imeneyo, amaona malata a dzimbiri ndi mileme basi. Koma ndi nyumba yakale kwambiri. Anamanga ndi bambo ake a Kasamu, Mmwenye, nthawi imene sitima zinkakocheza pamtsinjepo, tauni ikutchedwa dzina lachizungu. Njerwa zake zikuluzikulu zootcha, zitseko zisanu ndi chimodzi mondondozana, khonde lalitali la nsanamira, masitepe atatu otsikira mumsewu. Chitseko choyamba chinali sitolo ya Kasamu mwini wake, ya nsalu, mchere, palafini ndi ukonde. Zina zonse za lendi: ine ndi tiyi wanga, wometa, wokonza njinga, ndi ena obwera n'kupita. Kuseri kunali tizipinda togona ndi bwalo limodzi la tonsefe. Chimene waphika mnzako unkachidziwa. Chimene wakangana ndi mwamuna wake unkachimvanso, ufune usafune.

Telala sankatenga chitseko. Malo a telala anali pakhonde, pafupi ndi khomo la sitolo, kuti munthu akagula nsalu angotembenuka n'kumupatsa. Malo amenewo anthu ankawalimbirana. Kasamu anawapatsa Che Jaffalie chifukwa panalibe wina wosoka mkanjo ngati iwo. Ikayandikira Idi, amuna ankachoka ku Namwera, ku Makanjira, kudzaima pamzere pakhondepo. Ndipo eni akewo ankadziwa kuti amatha. Ankakonda kunena kuti, "Ine munthu ndikamuyang'ana kamodzi ndamuyeza kale. Tepi ndi ulemu chabe."

Ine ndine Mabel, wa Angilikani, kwathu ku Malindi. Ajira anali Msilamu, pagulu tinkamutchula kuti Abiti Bakali. Sizinativute. Ine nyama ina ija sindinkaphika pabwalopo chifukwa cha iye, iye Lamulungu ankandiyang'anira moto ndikapita kutchalitchi. Sanali munthu wa nkhani zambiri. Ana anabereka awiri, onse anapita ali makanda, ndipo zimenezi anandiuza kamodzi kokha, tikusenda chinangwa, n'kusintha nkhani pompo.

Maso a Che Jaffalie anayamba kufa pang'onopang'ono cha m'ma sevente. Sanayere ngati a ng'ala ayi. Ukawayang'ana anali akuda bwinobwino, otseguka, n'chifukwa chake anthu sanazindikire. Ine ndinadziwira pa kapu ya tiyi. Tsiku lina ndinawaikira kapu kumanzere, chonsecho masiku onse ndinkaika kumanja. Dzanja lawo linapita kumanja n'kugwira thabwa. Anakhosomola, n'kunamizira kufuna choko. Mawa lake ndinachita dala. Chimodzimodzi.

Ndiye ndinayamba kuyang'anitsitsa. M'mawa Ajira ankatuluka ndi kansanza ngati akupukuta makina, akawerama n'kulowetsa ulusi pasingano. Kasitomala akafika, iye ankapezeka ali pafupi ndi tsache, n'kunena mokweza kuti, "Eee bambo, wobiriwira wa madontho oyera, mwasankha bwino!" Apo Che Jaffalie ankaigwira nsaluyo, kuitembenuza, n'kunena kuti, "Wobiriwira uyu amasuluka padzuwa, koma tiyesa." Tepi anaisiya. Anayamba kuyeza ndi kachingwe ka nsalu, kumanga mfundo pa phewa, mfundo pa mkono, mfundo pa utali. Ankati ndi mmene amachitira akatswiri a kwa Aswahili, anthu n'kumagwedeza mitu kuvomera. Akatha ankati, "Siyani, ndidula mtima uli m'malo, pano pali phokoso." Nsalu ndi kachingwe kake zinkapita kuseri.

Kuseriko ankadula ndi Ajira. Makolala, matumba, mabatani, zonse zovuta ankasoka iye m'mamawa makina asanatuluke panja. Zikafika pakhonde zinali zopindapinda kale, zobaya mapini, iwo n'kumangoyendetsa msoko wowongoka, chala chikutsata mpindiro, mwendo ukupalasa, akucheza ndi odutsa. Kumzikiti ankapita atagwirana dzanja ndi wometa, monga amachitira amuna akamacheza panjira, wometayo n'kumati ndi chikondi. Kwina konse ankayenda ndi mkazi wawo. Ajira anagula zibangiri zitatu zamkuwa n'kumayenda patsogolo pang'ono, zibangiri zikulira, iwo akutsatira kulirako, mutu uli m'mwamba. Amayi a kumsika ankaseka kuti onani, kwa telala mkazi ndiye amatsogola.

Tsiku lina pachitsime ndinalephera kupirira.

"Achemwali," ndinatero, "mikanjo ya chaka chino makolala ake akhala bwino kuposa kale."

"Che Jaffalie ndi katswiri."

"Ndi katswiri ndithu. Koma sizasi yawo imalira iwo ali kumzikiti."

Anatula ndowa pansi.

"Mabel, mukufuna chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye tungani madzi."

Pobwerera ndiye anayankhula, osandiyang'ana. Anati, "Mwamuna uti wa ku Namwera angapite ku Idi ndi mkanjo atadziwa kuti wadula ndi mkazi? Ndipo iwo aja mukawachotsa pakhonde paja, mwawaika m'manda ali moyo. Anandilumbiritsa. Anati ndife kaye, anthu adziwe pambuyo." Ine ndinati pakamwa panga ndatseka. Ndipo ndinatsekadi, ine amene anthu amati ndilibe chitseko pakamwa. Zaka zisanu ndi chimodzi zinatha choncho, tauni yonse ikuvala zodula Ajira n'kumatamanda amuna ake.

Tsopano za nsalu ya chipani. Achinyamata simukudziwa. Masiku amenewo amayi tonse tinkapita kukavina kukabwera mwini dziko, tifune tisafune, titavala nsalu yokhala ndi nkhope yake. Dzina sinditchula, ndinazolowera. Telala aliyense ankadziwa lamulo ngakhale silinalembedwe paliponse: nkhope imeneyo sudula. Suizondotsa, suiika pokhalira, sizasi imazungulira patali. Anthu ankapita osabwerako pa zinthu zochepa kuposa pamenepo. Nsalu zimenezo Ajira ankadula atatseka chitseko, atayala pamphasa, mpweya atagwira.

Chaka cha sevente-sikisi, mwezi wotentha, amayi ake a Ajira anamwalira ku Lungwena. Uthenga unafika Lachitatu m'mawa. Maliro a mayi wako sungatumize munthu. Asananyamuke anachotsa shatulo, kachitsulo konyamula ulusi wapansi, m'makina n'kuimanga pansonga ya chitenje, n'kuwauza amuna ake kuti aliyense wobwera amuuze kuti makina afa. Kwa ine anangoti, "Mabel, tiyi wawo kumanja." Ndinamva zimene ankatanthauza.

Lachinayi cha m'ma teni kunafika Mayi Blackson, tcheya wa amayi a chipani kudera lathu, munthu wamkulu thupi, wa mawu ngati belu. Anaponya nsalu pathebulo.

"Che Jaffalie, bulauzi. Loweruka tikukavina, ine ndili kutsogolo."

"Makina afa, mayi. Shatulo yapita kokonza."

"Sizasinso yafa? Dulani lero, musoka mawa. Ndikufuna ndikamabwera kumsika ndione mwadula."

"Ndidula mtima uli m'malo."

"Mtima wanu umakhala m'malo akazi anu akakhalapo basi? Kapena mwakalamba, ndipite kwa kamnyamata kaja ka kumsika? Anthu akunenatu kuti masiku ano mumangopalasa makina ngati njinga."

Wometa anaseka, wokonza njinga anasekanso. Ine ndinatuluka msanga ndi kapu, n'kunena kuti, "Tiyi wanu, achimwene, ntchito idikire eni maliro abwere." Iwo anati, "Ikani apo, Mayi Mabel." Anayeza Mayi Blackson ndi kachingwe kaja, mayiwo n'kupita kumsika.

Mlandu wanga ndi uwu: lole ya asodzi a ku Nkopola inaima, anthu khumi n'kulowa kufuna tiyi ndi masikono. Ndinati ndiwathire msanga ndibwerere. Ndili mkati ndinamva sizasi. Ndinaponya ketulo. Pofika pakhonde anali atamaliza. Anadula bwino, ndikuuzeni, mzere wowongoka ngati wojambula, manja anali asanaiwale. Koma iwo sanadziwe kuti ndi nsalu yanji, palibe anawauza mtundu wake tsiku limenelo. Sizasi inalowa pakhutu n'kutulukira pachibwano. Nkhope ziwiri anadula choncho.

"Achimwene," ndinanong'ona, "ndi ya chipani."

Anayendetsa zala pansalupo ngati nkhope ingamveke ndi zala. Ndinathamangira kwa Kasamu kufunsa ngati ili ina, iye anati zinatha sabata yatha. Ndikubwerera ndinapeza Mayi Blackson ataima, dengu lili pansi, tomato akugubuduzika pamasitepe. Anakuwa. Ndipo musawaone ngati mfiti mayi amene aja. Nsalu inali yawo. Akanabisa, mawa akanafunsidwa iwo. Anatola zidutswa n'kupita nazo ku ofesi ya chipani.

Masana amenewo ndinatuma uthenga ku Lungwena ndi munthu wa njinga wogula nsomba. Kenako ndinakhala pafupi ndi Che Jaffalie.

"Auzeni zoona," ndinatero. "Wosaona alibe mlandu."

"Zoona ziti?"

"Musandipusitse ine. Kapu ndimaika kumanja chifukwa chiyani?"

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Ndinkadziwa kuti mukudziwa. Sungani, Mayi Mabel. Bola anditenge."

Anabwera Lachisanu dzuwa lili pamutu, amuna anayi pa Landirova. Anaimika patsidya pa msewu, pansi pa mtengo wa mango, n'kuzimitsa. Anthu anadzaza msewu, ena akuchokera kumzikiti atavala mikanjo yosokedwa pakhonde lomwelo. Wamkulu wa anayiwo anali wamfupi, woyankhula mofatsa, ndiye oopsa amenewo. Anayala zidutswa pathebulo.

"Bambo, mwadula ndinu?"

"Ndine. Dzanja linaterereka."

"Kawiri?"

"Kawiri."

"Telala wa zaka makumi awiri. Amene amati akamuyang'ana munthu kamodzi wamuyeza kale. Wakutumani ndani?"

Pamenepo ndi pamene Ajira anafika. Anayenda wapansi chigawo chachikulu cha njira, miyendo yoyera ndi fumbi mpaka m'mawondo, maso otupa ndi maliro. Anapyola pakati pa anthu n'kukwera masitepe.

"Ndinadula ndine," anatero.

Mayi Blackson anati, "Inu munali kumaliro, tonse tikudziwa."

Wamfupi uja anati, "Mayi, pitani kuseri. Bambo, tiyeni."

Ajira anandiyang'ana ine, sindikudziwa chifukwa chake. Kenako anati, mawu ake osakwera, "Bwana, amuna angawa saona. Chaka chachisanu ndi chimodzi chino. Sanadziwe chimene akudula."

"Ajira!" Sindinawamvepo akumutchula dzina pagulu. "Iwe, khala chete. Akunama, bwana. Mutu wasokonekera ndi maliro."

"Ngati saona, amasoka ndani?" anafunsa wamfupi uja.

"Ndine," anatero Ajira.

Mumsewu munamveka ng'ung'udzo. Munthu wina anagwira kolala ya mkanjo wake n'kuiyang'ana.

"Ndikuona bwinobwino," anatero Che Jaffalie. Anaimirira, anakonza kofiya. "Tiyeni, ndikwere galimoto lanulo."

"Tsogolani," anatero wamfupi uja, n'kukweza dzanja kuti aliyense akhale chete.

Khonde ankalidziwa ngati m'kamwa mwawo. Anayenda mowongoka, anatsika masitepe atatu osagwira kanthu. Ndinati mumtima, apita ndithu. Atafika mumsewu anaima. Anapendeketsa mutu, kumvetsera. Ankadikira zibangiri. Ajira anali pamwamba pa masitepe, dzanja lamanzere litafinya zibangiri zonse zitatu pamkono kuti zisalire. Ndinaona mitsempha ya dzanjalo. Misozi inkatsika, koma sanasunthe.

Anaima padzuwa pamenepo nthawi yaitali, anthu mazana ali zii. Kenako anasankha. Landirova inali kumanja, iwo analowera kumanzere, kotsikira kumtsinje, akuponda molimba ngati munthu wodziwa kumene akupita. Mapazi asanu ndi limodzi, lachisanu ndi chiwiri m'ngalande. Anagwa chafufumimba m'matope a madzi otsukira mbale, kofiya n'kugubuduka.

Wina anaseka. Sindikudziwa ndani, ndikanamudziwa sindikanamugulitsanso tiyi. Ena anatsatira, kuseka kwa mantha kuja. Wamfupi uja anapinda zidutswa n'kuika m'thumba. Anati, "Wakhungu tikamuchite chiyani? Koma pakhonde pano ndisamuonenso ndi sizasi." Anatembenukira kwa Kasamu, "Wamva, Mmwenye?" Kasamu anati wamva. Iye mwini anali ndi mantha ake, mphekesera zoti Amwenye achotsedwa m'matauni ang'onoang'ono zinali zitayamba kale, ndipo patapita zaka ziwiri anachokadi.

Ajira anatsika kukawadzutsa. Anamukankha dzanja. Anawadzutsa ndi wometa.

Masiku asanu ndi anayi Che Jaffalie sanatuluke m'kachipinda, sanayankhule naye. Chakudya ankadya chikabwera ndi ine. Amuna ena anabwera kudzatenga nsalu zawo zosasoka, osapereka ndi moni womwe. Mmodzi anabweza mkanjo wovala kale, ati sangapempherenso nawo. Ajira anaulandira, anauchapa, anaupinda.

Tsiku lakhumi kunabwera mlongo wawo wa Che Jaffalie, Abiba, ndi amuna ake, kuchokera kuseri kwa Katuli, tsidya la malire. Anawaitanitsa okha kudzera mwa wometa. Masana anakhala pabwalo kuseri kuja, anaitana shehe, ine ndili pakhomo panga ndikupeta mpunga umene unali wopetapeta kale.

"Abiti Bakali," anatero Che Jaffalie, "ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha."

"Akanakupherani komweko, bambo."

"Ndikanafa ndili telala."

"Ine ndikanatsala ndi chiyani?"

"Mwandivula pamaso pa tauni yonse. Mwana aliyense pano akandiona aziona ngalande."

Shehe anayesa, Abiba yemwe anayesa, anati achimwene, mkazi uyu wakupulumutsani. Iwo anati akudziwa, ndipo n'chifukwa chake sangathe kumva mawu ake m'mawa uliwonse. Anapereka talaka, mawu othetsa ukwati, pomwepo, mawu osanjenjemera. Ajira sanalire. Analowa m'nyumba n'kulongedza zovala zawo, n'kumuuza Abiba zonse: tiyi kumanja, nsapato pansi pa bedi mbali ya kumutu, nsomba muziwachotsera minga koma asadziwe. Makina anapita nawo Che Jaffalie, anali a kubanja kwawo. Lole itatsala pang'ono kunyamuka Ajira anakumbuka, anamasula shatulo pansonga ya chitenje n'kumupatsira Abiba pazenera.

Anakhala kuseri kuja zaka zina khumi ndi zinayi, akusoka zigamba ndi manja ndi kukazinga zitumbuwa za mu tiyirumu yanga, mpaka anamwalira. Sanakwatiwenso. Che Jaffalie anatha chaka chimodzi chokha kwawoko, uthenga unatipeza atawaika kale.

Koma m'mawa wotsatira lole ija itapita, ine ndinkati Ajira satuluka. Anatuluka. Anasesa khonde lonse, ndi paja pankakhala makina, pamene miyendo yake inasiya timaenje tinayi pasimenti. Kasamu ankatsegula sitolo, wokonza njinga ankatulutsa zitsulo zake, amayi awiri a nyumba yoyandikana anaima ndi ndowa. Wometa anayandikira, atavala mkanjo wake woyera, akusisita manja.

"Abiti Bakali, pepani. Zaka zonsezi ndinkawagwira dzanja, osadziwa kuti akulu aja saona."

Ajira anaimika tsache. Anayankhula mokweza kuti onse amve, mpaka a mumsewu.

"Wati saona ndani? Amaona kuposa nonsenu. Ndinanama ine kuti asawatenge, ndipo m'ngalande muja anagwa dala, ndinawapempha ndine. Panopa ali tsidya la malire, ndiye ndinene. Mkanjo mwavalawo anadula okha, anasoka okha, kolala ndi matumba omwe. Ine ndimadziwa kusesa ndi kuphika basi. Wofuna kukanena ku ofesi akanene, andipeza pompano."